Njira za m'Chigwa cha Bwanje

Pamene ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua m'chaka cha 1902, mapu odalirika a chigwa cha Bwanje anali mitima ya amtengatenga, amene ankadziwa madooko a mitsinje ndi mikwaso yotsika m'mapiri a Dedza monga mwana adziwira khomo la amake. Ndipo mlendo, pokumbukira kuti safunsa adadya phula, ankatsata mapazi awo modzichepetsa. Njanji ya ku Salima itadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka m'zaka za m'ma 1930, aulendo anayamba kuwerenga mtunda ndi masiteshoni.

Lero wokwera njinga yamoto amalowetseratu mapu a GPS m'foni asanatsike msewu wa Khwekhwerere, poopa kusowa netiweki m'makhwawa. Komatu mtsinje wa Livulezi ukasefukira m'dzinja, amene amamuuza za matope ali kutsogolo ndi anyamata a kabaza a pa Golomoti.