Za Aphunzitsi ndi Masamu a Makobiri

Ife a ku Santhe kuno tidziwa kuti fodya salimidwa ndi khasu lokha. Akafika pa sikelo afuna mutu wodziwa kuwerengera, ndipo mutu umenewo uumbidwa ndi mphunzitsi. Tsono tiyeni tikumbukire umo aphunzitsi a dziko lino anaphunzirira masamu.

Makolo athu anali nako kuwerenga kwawo. Anawerenga ndi zala kufikira zisanu, nati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira khumi. Ndipo nkhalamba ya pa nsolo inkaona kumene njere zikathere isanazigwire n'komwe. Amishoni a Dutch Reformed Church atafika ku Mvera mu 1889, anatuma anyamata ophunzira pang'ono kukatsegula sukulu m'midzi, ndipo pambuyo pake aphunzitsi ankakonzedwa ku Nkhoma. Mu 1924 bungwe la Phelps-Stokes linayendera Nyasaland nilangiza kuti maphunziro agwirizane ndi moyo wa kumudzi. Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo pambuyo pake sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa oyendera aphunzitsi.

Masamu a masiku amenewo anali a minga. Makobiri 12 anapanga sheleni, masheleni 20 anapanga paundi, ndipo paundi ya ndalama inasiyana ndi paundi ya pa sikelo, ngakhale dzina linali limodzi. Taonani mlimi ali ndi paundi imodzi, nagula nsalu ya masheleni 7 ndi makobiri 9. Kodi atsala ndi zingati? Mwana wa sukulu sakanatha kuchotsa 9 popanda kuthyola sheleni imodzi kuti isanduke makobiri 12, ndipo sheleniyo anaipeza pothyola paundi. Atatero anaona kuti atsala masheleni 12 ndi makobiri 3. Sitinena kuti aphunzitsi onse a kale anali akatswiri, iai, pakuti ambiri anangoimbitsa ana matebulo ngati nyimbo. Koma ndalama zimenezo zinamkakamiza mphunzitsi kufunsa pa mzere uliwonse kuti, “Chimene ndabwerekachi n'chiyani?”

Mu 1971 kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, makwacha 2 pa paundi imodzi, matambala 10 pa sheleni. Tinakondwera, ndipo kunayenera, pakuti mtolo unapepuka. Komatu funso lija linayamba kugona, popeza tsopano munthu akhoza kubwereka 1 pa mzere uliwonse napeza yankho loona osadziwa chimene wachita.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa malipiro a sukulu za pulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni nafika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Panalembedwa aphunzitsi osadziwa ntchito okwana ngati 18,000, amene analangizidwa masabata owerengeka okha naimikidwa pamaso pa ana, ena pansi pa mitengo. Maphunziro awo enieni, otchedwa MIITEP, anayamba mu 1997, iwo ali kale pa ntchito. Sitiwadzudzula anthu amenewa. Anasenza katundu amene ife tonse tinawasenzetsa. Koma wosauzidwa chifukwa cha lamulo apatsa ana lamulo lokha, ndipo ena mwa ana aja ndiwo analowa pambuyo pake m'makoleji a aphunzitsi, monga ya ku Kasungu.

Chifukwa chake wophunzira uphunzitsi akadza kudzayesera ntchito m'sukulu ya kwathu, timuyese ndi samu yaing'ono: 42 kuchotsa 17. Adzati 25, ndipo adzakhoza. Pamenepo timfunse kuti 1 amene wabwereka kwa 4 wasanduka bwanji 10. Akamanga timitengo m'mitolo 4 ya khumikhumi, naika tiwiri pambali, namasula mtolo umodzi ana akuona, ameneyo timpatse ana athu.