Mafilimu a Zigawenga m'Nyumba za Vidiyo ku Nkhata Bay

Dziko la Malawi linalibe wailesi yakanema yakeyake kufikira mu 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa mapologalamu, ndipo kuyambira mu 1968 filimu yoonetsedwa pagulu inkayenera kuvomerezedwa ndi Censorship Board, bungwe limene boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa kuti lizisefa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Motero pa doko la Nkhata Bay, pomwe sitima ya Ilala imakocheza, anthu ambiri anadziwira mafilimu m'nyumba za vidiyo, zomwe zinali tizipinda ta mabenchi, tokhala ndi chinsalu chotchinga pakhomo ndi sipika yoikidwa panja kuti kulira kwa mfuti kuziitana odutsa.

Mafilimu amene ankadzaza tizipindati anali a nkhonya ndi a zigawenga, momwe wapolisi kapena munthu wolakwiridwa amasakasaka achifwamba mpaka kukapeza mtsogoleri wawo, ndipo mayina a Bruce Lee, Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme anafala ngakhale pakati pa ana. Kukoma kwake sikunkadalira Chingelezi, popeza msodzi wa usipa wolankhula Chitonga ankatha kusiyanitsa ngwazi ndi chigawenga pongoona nkhope ndi zochita.

Matepi a VHS atalowedwa m'malo ndi ma DVD, panabuka achinyamata oika mawu a Chichewa pa mafilimuwa, amene samangomasulira koma amawonjezera nthabwala ndi ndemanga zawo, kotero kuti nthawi zina womasulirayo amasangalatsa kuposa filimuyo. Lero mafilimu omwewo amakoperedwa m'mafoni pa mtengo wochepa.