Kumanga ndi Kugwetsa: Mbiri ya Nyumba ya Achewa ku Zemba, m'Boma la Chadiza

Umboni wathu woyamba pa nkhani ino ndi mneni woti "kumanga". Kale Mchewa akati wamanga nyumba ankanena zenizeni, pakuti nyumbayo inkamangidwa ndi luzi monga momwe mtolo wa nkhuni umamangidwira, popanda msomali ndi umodzi womwe. Tifuna kuona momwe nyumba yotereyi inasinthira ku Zemba, m'boma la Chadiza lomwe lachita malire ndi Mozambique, pakati pa anthu a Kalonga Gawa Undi.

Nyumba ya makolo inali yozungulira. Mwamuna ankadula mitengo, makamaka muwanga umene chiswe chimaulephera, naizika mozungulira, nailukanitsa ndi nsungwi pomanga ndi luzi la mombo. Pamwamba ankayala phaso ndi kufolera ndi tsekera, ndipo denga linkatsikira pa nsanamira kuti khonde liteteze khoma ku mvula. Kumata ndi dothi la pachulu ndiponso kuzira pansi inali ntchito ya mkazi. Nyumbayo inalibe zenera. Utsi wa pamafuwa unkadutsa m'udzu, nuthamangitsa tizilombo tofumbula phaso.

Luso limeneli sitingalimvetse tikalilekanitsa ndi chikamwini. Mkamwini ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi, apongozi akuyang'ana, ndipo denga lothonya linali lokwanira kumuchotsera ulemu. Komabe nyumbayo sinali yake. Banja likatha iye ankanyamula mkeka ndi nkhwangwa nabwerera kwawo. Mwini nyumba akamwalira, nyumba inkagwetsedwa miyambo ya maliro ikatha. Choncho panalibe mlandu wolimbirana nyumba, chifukwa mitengo ndi udzu zinali za kutchire ndipo ina inkamangidwa m'masabata ochepa.

Nkhondo ndiyo inayamba kusintha maonekedwe a midzi. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo anthu a Mpezeni atakhazikika kufupi ndi komwe lero kuli Chipata, Achewa ena anathithikana m'malinga, midzi yozingidwa ndi mpanda wolimba, pamene ena anathawira kumapiri. Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, anthu anamwazikanso. Koma tizindikire kuti linga linasintha kayalidwe ka mudzi kokha. Nyumba inakhalabe yozungulira.

Ngodya zinayi zinabwera ndi ndalama. Msonkho wa nyumba, umene unayamba cha mu 1901, unakakamiza amuna kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa. Pa nthawi yomweyo amishoni a Dutch Reformed Church, amene anafika ku Magwero mu 1899 ndi ku Nsadzu mu 1908, anaonetsa anthu kuumba ndi kuwotcha njerwa. Kawirikawiri kusinthaku kumaikidwa pa amishoni okha, koma ife tikuona kuti obwerera kuchokera kuntchito ndiwo anali ndi mphamvu yoposa. Munthu wobwera ndi bedi, tebulo ndi bokosi la zovala ankapeza kuti katunduyo sakhala bwino pa khoma lozungulira. Motero kunadza nyumba yamakona yomata, kenaka ya zidina, potsiriza ya njerwa zowotcha ndi malata. Maonekedwe ozungulira anatsalira pa nkhokwe ndi pa nyumba yophikiramo, ndipo mphunzitsi wofuna kuonetsa ana tanthauzo la phaso kapena luzi ayenera kuwatengera kumeneko.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni. Nyumba ya malata sigwetsedwa pa maliro, chifukwa yadya ndalama za fodya ndi thonje za zaka zambiri. Mwamuna amazengereza kuimanga pa nthaka ya apongozi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chitengwa chakulira. Akaimanga kwawo namwalira, mbumba yake imati nyumbayo ili pa nthaka ya mtundu wawo, pamene mkazi ndi ana amati anaumba nawo njerwa. Lamulo la Zambia la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limapereka nyumba kwa wamasiye ndi ana, koma silikhudza nthaka yosungidwa mwa mwambo. Mlandu wotere umayambira pabwalo la nyakwawa, pomwe khoma lingakhale la ana koma dothi lomwe laimapo ndi la amalume awo a malemu.