Namwino amene anatengera kompyuta kunyumba kwa odwala

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mumzinda wa Cleveland ku America, mabanja ena anayamba kulandira kachipangizo kokhala ndi sikirini ndi mabatani olembera, kolumikizidwa ku waya wa telefoni. Anali mabanja a anthu odwala Edzi, komanso a anthu osamalira achibale amene ali ndi matenda oiwalaiwala a Alzheimer. Anayambitsa ntchitoyi ndi namwino, Mayi Patricia Flatley Brennan, amene panthawiyo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Case Western Reserve. Anaitcha ComputerLink.

Mayiwa anayamba ngati namwino wina aliyense, m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndiponso kwa odwala matenda a maganizo. Kenako anachita chachilendo: digiri yawo ya PhD anaitenga pa zauinjiniya, ku yunivesite ya Wisconsin–Madison. Ankadziwa kuti wodwala amagona m'chipatala masiku ochepa, koma miyezi yonse yotsala amadwalira pakhomo, m'manja mwa mkazi wake, mwana wake kapena mnzake wotopa.

Mu ComputerLink munali nkhokwe ya mfundo za matendawo, chida chothandiza kuganiza bwino posankha chochita, ndi malo olemberana. Chimene anthu anathamangira kwambiri ndi kulemberanako. Wodwazika ankatha kulemba ngakhale pakati pa usiku, odwazika anzake n'kumulimbitsa mtima, namwino n'kudzayankha funso lake. Kafukufuku anasonyeza kuti osamalira odwala Alzheimer anayamba kudzidalira posankha zochita. Zonsezi zinachitika intaneti isanafike m'makomo ambiri, ndipo apa m'pamene mayiwa ayenera kuwomberedwa m'manja.

Atabwerera ku Wisconsin anakonza HeartCare, yothandiza anthu ochira pambuyo pa opaleshoni ya mtima, kenako anatsogolera Project HealthDesign, yomwe inkafufuza mmene odwala angamalembere okha za tulo, zakudya ndi ululu wawo wa tsiku ndi tsiku kuti adokotala aziona.

Mu 2016 anasankhidwa kukhala mkulu wa National Library of Medicine ku Bethesda, laibulale imene imayendetsa PubMed, komwe ophunzira zaunamwino, ngakhale a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amafufuzako zolemba za kafukufuku. Anali mayi woyamba komanso namwino woyamba pampandowo, ndipo anapuma pantchito mu 2023.