Kumene ndalama zosamalira nyama za kuthengo zicokera mu Zambia

Dziko la Zambia lili ndi mapaki a nyama okwana 20, pamodzi ndi madera 36 ozungulira mapakiwa ochedwa Game Management Areas. Udindo woyang'anira malowa uli m'manja mwa cigawo ca boma ca National Parks and Wildlife, comwe cinalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA m'caka ca 2016. Popeza ndalama za boma pazokha sizikwanira kulipira alonda a nyama, kugula magalimoto ndi kukonza miseu, thandizo lina licokera ku mphatso, ku makampani ndi ku malonda a anthu a m'midzi.

Mphatso zibwera kudzera m'mabungwe ogwirizana ndi boma. Bungwe la Frankfurt Zoological Society la ku Germany lakhala likugwira nchito m'paki ya North Luangwa kuyambira mu 1986. Zipembere zakuda zitatheratu m'dziko muno cifukwa ca opha nyama mopanda cilolezo, bungweli linathandiza kubweretsa zina zisanu kucokera ku South Africa mu 2003. M'caka comweco, bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa paki ya Liuwa Plain mogwirizana ndi boma ndi ufumu wa Alozi. Mu 2022 linasaina pangano loyendetsa paki ya Kafue kwa zaka 20.

Makampani nawonso aikamo cuma cao pomanga malo ogona alendo, makamaka ku South Luangwa ndi ku Lower Zambezi. Iwo alipira ndalama ku boma ndi kulemba nchito anthu a m'deralo.

Pa mbali ya malonda, kampani ya COMACO, yomwe inayambitsidwa ndi a Dale Lewis m'cigwa ca Luangwa mu 2003, iphunzitsa alimi ulimi wosaononga nthaka ndi kuwagula nshawa, mpunga, soya ndi uci pa mtengo wabwino. Zakudyazi zigulitsidwa m'masitolo pa dzina la It's Wild! Mlimi wolowa m'gululi alonjeza kuleka kupha nyama ndi kuocha malasha, ndipo ambiri apereka mfuti ndi misampha yao.

Mphatso zimatha kuima pomwe wopereka wasintha maganizo, ndipo mu 2020 mliri wa COVID-19 unacepetsa kwambiri alendo obwera m'mapaki. N'cifukwa cake mabungwewa afuna kuti phindu lizifikanso kwa anthu okhala pafupi ndi mapaki, omwe minda yao iwonongedwa ndi njovu caka ndi caka.