Lamulo la Ohm ndi Mawaya a m'Makomboni a Lusaka

Pamene Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'caka ca 1935, magetsi anali a m'maofesi a Boma ndi m'nyumba za Azungu. Anthu amene anadza kudzafuna nchito m'zaka zotsatira anadzimangira okha ku Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga, naunikira ndi koloboyi, naphika pa mbaula. Damu la Kariba linatsegulidwa mu 1960, ndipo ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, koma mawaya sanafulumire kufika kumeneko, pakuti Boma silinali kuwerengera makomboniwo monga mbali ya mzinda. Lamulo la 1974 ndilo linalola kuti avomerezedwe. Ngakhale pamenepo, mipope ya madzi ndi miseu ndizo zinatsogola; magetsi analowa pambuyo, nyumba ndi nyumba, ndipo kawirikawiri mnansi anakokera mnzace waya.

Zimene zinacitika m'mawaya amenewo zinali zitalongosoledwa kale ndi mphunzitsi wa sukulu. Georg Ohm, wophunzitsa masamu ku Köln m'dziko la Germany, anasindikiza buku lace mu 1827. Akuluakulu a maphunziro analinyoza, iye nasiya nchito yace. Ulemu unamfika mocedwa, pamene Royal Society ya ku London inampatsa mendulo mu 1841. Lamulo lace ndi lalifupi. Mphamvu yokankha magetsi iyesedwa ndi mavolti, magetsi oyenda m'waya ayesedwa ndi maampeya, ndipo mavolti akagawidwa ndi maampeya, cotuluka ndico kukaniza kwa cipangizoco, kumene kuyesedwa ndi maohm. Mavolti akacurukitsidwa ndi maampeya, cotuluka ndi mawati, ndiyo mphamvu imene cipangizoco cikudya.

Magetsi a m'nyumba za m'Zambia ali a mavolti 230. Tsono citofu ca mbale imodzi cokoka maampeya 5 cili ndi maohm 46, ndipo cidya mawati 1,150. Mwana wa sukulu akhoza kuwerengera zimenezi pa sileti.

Koma waya nayenso akaniza, ndipo mbiri ya makomboni yagona pamenepa. Waya wocepa ndi wautali, wolumikizalumikiza, wopita pamwamba pa malata kunka ku cipinda ca lendi, akhoza kukhala ndi maohm 2. Pamene unali kunyamula theka la ampeya la nyali ziwiri, volti imodzi yokha inatayika m'njira, ndipo kutentha kwace kunali theka la wati, kosamveka ndi dzanja lomwe. Banja litagula citofu ndi simbi yositira, waya womwewo unayamba kunyamula maampeya 10. Apo mavolti 20 atayika m'njira, ndipo mawati 200 asanduka kutentha m'kati mwa waya mwenimwenimo. Magetsi acuruka ka 20, koma kutentha kwacuruka ka 400. Kutenthako kuunjikana makamaka pa mfundo zopota ndi manja, pamene pulasitiki iyamba kusungunuka. Ndipo nyumba ikapsa, anthu amanena kuti magetsi ndi oipa, osafunsa za kukula kwa waya.

Cizindikilo cace cioneka madzulo. Pa nthawi imene nyumba zonse za mzera umodzi ziteleka madzi a nsima pamodzi, nyali ya m'cipinda ca kumapeto izilala, mwana wolemba nchito ya kusukulu nasendeza buku lace pafupi nayo.