Mbendera yofiira ya pa Linga ndi mphini za agogo anga

Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anabwera kuno ku Linga, ku Nkhotakota, pa tchuthi cha Khirisimasi ali ndi masewera ena ake m'foni. Si mpira, si bawo. Wosewera aliyense amadzipangira munthu wongopeka, n'kumusankhira luso: wina wodziwa lupanga, wina wodziwa mankhwala, wina wokwera makoma. Mwanayu anasankhira munthu wake luso lotchedwa heraldry. Nditamufunsa kuti n'chiyani, anati, "Agogo, ndiye kuti akaona chishango kapena mbendera patali amadziwiratu kuti akubwerawo ndi a mfumu iti, ndi abale kapena adani." Anandiuzanso kuti masewera a mtunduwu anayamba ku America ndi Dungeons & Dragons m'chaka cha 1974, ndipo buku lake la malamulo la 1989 linaika lusoli pa mndandanda wa zimene munthu wako angaphunzire.

Ndinakhala chete kanthawi, chifukwa munthu amene ankamufotokozayo ndinkamudziwa. Anali agogo anga aakazi, Nabanda, amene anandilera pafupi ndi doko, ndipo anamwalira ine nditangoyamba kumene uphunzitsi. Sankadziwa kulemba dzina lawo. Koma mlendo akatsika m'bwato, asanafike n'komwe pa mkeka, iwo anali atamuwerenga kale.

Ankayamba ndi nkhope. Masiku amenewo nkhalamba zambiri zinali ndi mphini pamphumi ndi m'masaya, ndipo mphini za kutsidya sizinkafanana ndi za kumtunda kwa Ntchisi. Bambo wobooka makutu ankadziwika kuti wakulira pakati pa Angoni. Mayi wa chipini pamphuno anali wa Chiyawo, kapena wokwatiwa kwa Asilamu a m'tauni muno. Agogowo ankanenanso za amayi awo amene anali ndi pelele pa mlomo wam'mwamba, chinthu chimene David Livingstone anachiona ndi kuchilemba pamene ankayenda m'mbali mwa nyanja ino mu 1861. Iwo eni anali ndi timizere tating'ono m'masaya, ndipo ndili mwana ndinkakonda kutisisita ndi chala iwo akupeta mpunga.

Nkhope ikatha, pankabwera funso: "Mfunda wanu ndani?" Yankho la funso limeneli linkatsegula kapena kutseka zinthu zambiri. Mlendo akati ndi Banda, agogo ankamutcha mlongo wawo, nsima n'kuphikidwa, ndipo anyamata a pakhomo ankadziwa kuti ana ake aakazi si owafunsira mbeta mwachisawawa. Akati ndi Phiri, nkhani inkapita kwa Kalonga, pakuti a Phiri ndiwo anali banja la ufumu wa Maravi umene likulu lake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pomwe a Banda ankadziwika kuti ndi eni nthaka ndi osunga akachisi a mvula. Mayi wa Kalonga, Nyangu, ankachokera kwa a Phiri. Mkazi wake wamkulu, Mwali, kwa a Banda. Akati Chirwa kapena Mhone, ankadziwa kuti ndi Mtonga wochokera kumpoto kwa Dwangwa. Akati Jere, mawu a agogo ankatsika pang'ono, ngakhale kuti nkhondo za Angoni zinali zitatha kalekale. Mpaka lero tikadya bwino timathokoza mayi ndi mfunda wake, "Zikomo Naphiri," koma ambiri timangoutchula ngati dzina la pa chitupa, osadziwa kuti ukunena za ndani.

Chifukwa chimene agogo ankasamalira zimenezi sichinali ulemu wokha. Amayi awo anakulira m'nthawi imene kulakwitsa kuwerenga munthu kunali imfa kapena goli. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika pa gombe lino, ndipo iye ndi amene analowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Anamanga linga, n'chifukwa chake mpaka pano tauni yathu timaitcha Linga. Zombo zake za matanga zinkawoloka nyanja zitadzaza minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo kutsidya ulendo unkapitirira wapansi mpaka ku Kilwa. Livingstone atabweranso mu 1863 anapeza chombo china chikukhomedwa pompano, ndipo mkuyu umene amati anakhalapo ndi Jumbe ulipobe pa mishoni ya Anglican. Jumbe ankadzitcha nthumwi ya Sultan wa ku Zanzibar, ndipo ankakweza mbendera ya Sultan, yofiira yokhayokha, yopanda chithunzi chilichonse.

Taganizani tsono za mayi amene akutsuka mbale pa gombe m'mawa, mwera utaleka. Kutali kwaoneka tanga. Ayenera kudziwa msanga ngati ndi chombo cha Jumbe chobwerera kwawo kapena cha anthu ena. Kumtunda nakonso kunali zishango za chikopa cha ng'ombe za Angoni, amene ankatsika kudzafunkha m'midzi ya Achewa. Apa m'pamene mbiri yathu imapweteka. Anthu ambiri anathawira ku linga la Jumbe chifukwa choopa zishangozo, ndiye kuti mbendera yofiira yomweyo inali pothawira kwa ena, ndipo kwa ena inali chinthu chotsiriza kuchiona asanawoloke nyanja osabwereranso. Ogula anthu nawonso ankadziwa kuwerenga mphini. Ankayang'ana nkhope n'kudziwa amene ali ndi abale apafupi oti angamulondole, ndi amene wachokera kutali wopanda womulirira. Sindifuna kuti wina aganize kuti luso limeneli linali lokoma lokhalokha. Linkapulumutsa, linkagulitsanso, malinga ndi amene ali nalo. Ife a kuno ndife zidzukulu za onse: ogwidwa, othawa, ndi amene ankagwira ntchito m'zombomo. Mpunga umene timanyadira nawo unafala ndi a Jumbe omwewo.

Mu 1889 Mngerezi Harry Johnston anafika n'kupangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi. Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, ndipo mu 1894 amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pano. Jumbe wotsiriza sanakhalitse pampando: Angerezi anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Mbendera yofiira inatsika, ndipo anthu a pa gombe anayamba kuphunzira zizindikiro zatsopano, mtanda pa tchalitchi, chisoti chachifumu pa chipewa cha mesenjala wa boma.

Apa m'pamene heraldry yeniyeni ya mdzukulu wanga inalowera kwathu. Ku Ulaya inayamba m'zaka za m'ma 1100, pamene ankhondo ankavala zitsulo zobisa nkhope, ndiye munthu ankadziwika ndi chithunzi cha pa chishango chake. Panali akatswiri oloweza zithunzizo ndi mibadwo ya eni ake, ndipo ku London anawakhazikitsira ofesi, College of Arms, mu 1484, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kusiyana kwake ndi agogo anga n'kwakuti iwo aja ankalemba m'mabuku ndi kulandira malipiro kwa mfumu, pamene agogo ankasunga zonse m'mutu. Mu 1914 Nyasaland inapatsidwa chizindikiro chake: kambuku ataima pa thanthwe, kumwamba kwake dzuwa likutuluka pa mdima, ndi mawu a Chilatini akuti Lux in Tenebris, kutanthauza kuwala mu mdima. Mdimawo ankanena ife. Ndinaona kambuku ameneyu pa masitampa a makalata opita kwa bambo anga ali ku migodi ya ku Joni, ndipo palibe mphunzitsi amene anatiuza tanthauzo la mawuwo.

Ndinali ndi zaka khumi mu 1960 pamene chipani cha Malawi Congress chinachititsa msonkhano wake waukulu kuno ku Nkhotakota, umene unapatsa Dr Kamuzu Banda utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Zokamba za akuluakulu sindikuzikumbukira. Ndikukumbukira fumbi, malole, ndi tambala wakuda wa chipanicho paliponse. Agogo anayang'anitsitsa tambalayo n'kufunsa malume anga funso lawo lija la masiku onse, kuti mwini wake mfunda wake ndani. Atamva kuti ndi Banda wa ku Kasungu, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pomuika. M'zaka zotsatira tinaphunzira kuti chizindikiro chimatha kusanduka chiphaso: kadi la chipani ndi baji pachifuwa zinkanena ngati ulowe mumsika kapena ukwere basi.

Chizindikiro cha boma chimene tili nacho lero chinabwera mu 1964. Ndinaphunzitsa ana zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndinkachijambula pa bolodi chaka ndi chaka. Chishango chili ndi zigawo zitatu. Pamwamba pali mizere yokhotakhota yobiriwira ngati thambo ndi yoyera, imene ndi nyanja. Pakati pali mkango wagolide pa malo ofiira. Pansi pali dzuwa likutuluka pa malo akuda, dzuwa lomwe lija la 1914, koma tsopano likunena kwacha. Mbali ina chagwiridwa ndi mkango, mbali ina ndi kambuku, ndipo zonse zaima pa phiri la Mulanje. Pamwamba penipeni pali nkhwazi. Mawu ake ndi Unity and Freedom, umodzi ndi ufulu. Kalembedwe kake n'ka ku London, sindikana, koma ndinkawauza ana kuti ayang'ane pawindo: madzi aja ndi awa, ndipo nkhwazi ija ndi yomwe imalira pa Chia ndi pa mathiriro a Bua nthawi ya mpasa.

Amene amati zinthu zoterezi n'zachabe akumbukire 2010. Mu July chaka chimenecho boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera: dzuwa lofiira lotuluka linachoka, n'kubwera dzuwa loyera lathunthu pakati, ndipo chofiira chinakwera pamwamba pa chakuda. Anthu amene sanatsegulepo buku la mbiri anakangana za dzuwalo m'maminibasi ndi pa madoko. Mu May 2012, Joyce Banda ali pulezidenti, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera ya 1964. Ine ndinakondwera, chifukwa kuno dzuwa timaliona m'mawa uliwonse likutuluka m'madzi, lofiira, theka lokha, ndendende ngati la pa mbenderayo.

Lusoli silinafe lonse. Msodzi wa chilimira usiku amayang'ana nyali pa nyanja n'kukuuza kuti uyo ndi siginala wa uje, awo ndi a gombe lakuti. Amayi amadziwa wa Mvano, wa Dawa kapena wa chipani poona nsalu yokha. Za kudambwe nazo zili ndi owerenga ake, koma zimenezo si zolemba m'magazini. Chimene chikutha ndi chakale chija. Mphini zinapita ndi eni ake kumanda, ndipo sindikupempha kuti tiyambenso kutema ana kumaso. Chondiwawa n'chakuti palibe amene anakhala pansi ndi nkhalamba zija kujambula mphini za mudzi uliwonse n'kulemba tanthauzo lake. Ine ndemwe ndinali ndi choko ndi makope, agogo ali moyo pakhonde, ndipo sindinachite. Za m'masaya mwawo ndimazikumbukira ndi chala chokha.

Mdzukulu wanga amadziwa mabaji a Liverpool, Arsenal, Bullets ndi Wanderers. Tsiku loti abwerera mawa lake ndinamupatsa ndalama yachitsulo ya K10, n'kumuuza kuti aitembenuze andiwerengere chizindikirocho monga amachitira munthu wake wa m'foni. Anatchula mkango, kambuku ndi dzuwa. Nkhwazi anaitcha chiwombankhanga, ndipo mizere ya nyanja sanaizindikire, ngakhale kuti tinali titakhala pa mchenga. Kenako ndinamufunsa mfunda wa amayi ake. Anati akafunsa.

Inu aphunzitsi anzanga a m'sukulu za kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama, kwa Mphonde ndi kwa Kanyenda, m'midzi mwanumo mukadali nkhalamba zochepa za mphini kumaso. Tumani ana ndi kope ndi pensulo chaka chino, akajambule ndi kufunsa mfunda, mudzi umene anatemera, ndi amene anawatema.